Temu ikatha, mayina a othamanga amapita kuti?

Muno mu Livingstone nyengo ya liwiro m'masukulu a sekondale imabwera ndi mvula ndipo imapita ndi mvula. Temu yoyamba ikangotsegulidwa mu Januwale, aphunzitsi a zamasewera amayamba kutulutsa ana m'mamawa kapena masana akaweruka, ndipo timawaona ali mndandanda m'mbali mwa misewu ya ku Linda, ku Maramba, ku Dambwa ndi ku Libuyu, ena atavala nsapato, ena ali chabe ndi mapazi amene anabadwa nawo. Mpikisano umayambira m'kati mwa sukulu, hausi ndi hausi. Opambana amakakumana ndi a masukulu oyandikana nawo, kenako a boma lonse, ndipo amwayi amafika mpaka ku chigawo. Pofika mu Epulo zonse zimakhala zatha. Temu yachiwiri ndi ya bola ndi netibo, ndipo za cross country palibe amazikambanso mpaka chaka chamawa.

Anzathu, yesani kuyankha funso ili. Ndani anapambana cross country ya atsikana pa sukulu yanu zaka zisanu zapitazo? Anathamanga makilomita angati, ndipo anatenga mphindi zingati? Ambiri a ife tingakumbuke nkhope, mwina ndi dzina lachibwana limene tinkamuitanira, koma nambala sitingaipeze paliponse. Mbiri ya masewera amenewa ikuonetsa kuti vutoli si laling'ono, chifukwa kuyambira kale chimene chimasandutsa liwiro la ana a sukulu kukhala chinthu chokhalitsa ndi buku limene wina analembamo nyengo itatha.

Cross country inabadwira kusukulu. Ku England, pa sukulu ya anyamata ya Shrewsbury, ana ankatsanzira akuluakulu olemera amene ankasaka nkhandwe ndi agalu atakwera pa akavalo. Anawo analibe akavalo, choncho awiri ankatsogola ngati nyama yosakidwa akumwaza tizidutswa ta mapepala m'njira, ndipo ena onse ankawalondola ngati agalu, kudumpha mipanda ndi kuwoloka timitsinje. Masukulu ena, monga Rugby, anali ndi sewero lofanana nalo. Chimene chimapangitsa kuti dzina la Shrewsbury litchulidwe koyamba n'chakuti anyamata ake ankalemba maulendo awo m'mabuku, ndipo mabukuwo alipo kuyambira 1831. Sikuti ana a kumeneko ndiwo anayamba kuthamanga m'thengo pa dziko lapansi. Abusa a ng'ombe a kuno kwathu ankachita zimenezo tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti a Shrewsbury analemba.

Anyamatawo atakula anapitiriza. Mu 1868 ku London kunakhazikitsidwa kalabu ya Thames Hare and Hounds, ndipo mu 1876 kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse la England. Tsikulo othamanga onse 32 anasochera njira, mpikisanowo n'kuthetsedwa. Ngati munaonapo ana a giredi 8 akulowera kolakwika chifukwa woyang'anira pa mphambano wapita kukagula chimanga chootcha, dziwani kuti vutoli ndi lakale. Mu 1903 mayiko a ku Britain anayamba kupikisana okhaokha, ndipo pang'onopang'ono ena analowamo. Cross country inalinso pa masewera a Olympics mu 1912, 1920 ndi 1924. Ku Paris mu 1924 kunatentha kwambiri moti mwa anthu 38 amene anayamba, 15 okha ndiwo anamaliza. Paavo Nurmi wa ku Finland anapambana, koma akuluakulu a masewerawo atawona anthu akukomoka m'njira anauchotsa mpikisanowo, ndipo sunabwererenso. Ife a mu Livingstone amene timadziwa dzuwa la Okutobala sitingawadabwe.

Masewera a masukulu a ku England anafika kuno ndi atsamunda ndi amishoni. Tauni yathuyi inakula mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya utamalizidwa mu 1905, ndipo inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Azungu a nthawi imeneyo ankakonda masewera awo ndipo ankawalemba bwino. Anali ndi nyuzipepala yawo, Livingstone Mail, imene Leopold Moore anayambitsa mu 1906. Mu Ogasiti 1910 pa mtsinje wa Zambezi panachitika mpikisano wa dziko lonse lapansi wopalasa bwato, ndipo mpaka lero tikudziwa kuti Richard Arnst wa ku New Zealand anagonjetsa Ernest Barry wa ku England. M'zaka zomwezo munali amuna achikuda amene ntchito yawo inali kunyamula matumba a makalata wapansi kuchoka pa boma lina kupita pa lina, ulendo wa masiku ambiri m'thengo la mikango. Amenewo ndiwo anali akatswiri a mtunda wautali a dziko lino, koma amene ankagwira cholembera sankawaona ngati ochita masewera. Mabwalo abwino, makalabu ndi masukulu okhala ndi zipangizo anali a mtundu umodzi. Ngakhale Hillcrest, imene lero ndi ya ana a Zambia yense, inayamba ngati sukulu ya ana a azungu.

Munthu amene anaboola mpanda umenewu anali mwana wa chigawo chathu chino cha Kum'mwera. Yotham Muleya anabadwira m'mudzi wa Mudukula m'boma la Choma. Anaphunzira ku Munali ku Lusaka, kenako analowa Hodgson, sukulu ya ntchito zamanja, kumene ankaphunzira umakaniko wa galimoto. Mu Disembala 1958, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kunakonzedwa mpikisano wa mamailosi atatu, umene ndi mtunda wochepera pang'ono makilomita 5. Mlendo wolemekezeka anali Gordon Pirie wa ku Britain. Pirie sanali munthu wamba. Anapambana cross country ya dziko la England zaka zitatu zotsatizana, 1953, 1954 ndi 1955, anaphwanya rekodi ya dziko lapansi ya mamita 5,000 mu 1956, ndipo chaka chomwecho anatenga mendulo ya siliva pa Olympics ku Melbourne.

Mkulu wina wa bungwe la zamasewera ku Southern Rhodesia, William DuBois, anakana kuti munthu wakuda athamange pamodzi ndi azungu. Nkhaniyo inabuka m'manyuzipepala, anzake a m'bungwemo anamugonjetsa, ndipo Muleya analoledwa. Pa 6 Disembala, pa bwalo lonyowa ndi mvula, mnyamata wosakwana zaka 20, wopanda nsapato, anamusiya Pirie ndi mayadi pafupifupi 100. Nthawi yake inali mphindi 14 ndi masekondi 48.5, ndipo inali rekodi yatsopano ya Rhodesia.

Taganizirani mphamvu ya nambala imeneyi. Anthu a ku Mudukula ankadziwa kale kuti mwana wawo ali ndi liwiro, ndipo anzake a ku Hodgson ankadziwanso. Koma mawu a pakamwa munthu watsankho akhoza kuwakana, n'kunena kuti ndi nthano za kumudzi. Nthawi yoyezedwa ndi wotchi, pa mtunda wodziwika, pamaso pa mboni, palibe akanaifafaniza. Nambalayo inawoloka nyanja, ndipo chaka chotsatira Muleya anaitanidwa ku America, ku Central Michigan. Tsoka ilo, mu Novembala 1959, patangopita masiku ochepa chifikireni, anamwalira pa ngozi ya galimoto. Sanaone ufulu wa dziko lake, umene unabwera pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene timu yathu inatseka masewera a Olympics ku Tokyo itanyamula mbendera ya Zambia pamene inawatsegula ndi dzina la Northern Rhodesia. Lero ku Lusaka kuli msewu ndi sukulu zotchedwa dzina lake. Pa ntchito yonse ya moyo wake waufupi, chimene chinamusunga m'mbiri ndi mphindi zosakwana 15 zimene wina analemba.

Choma sinalekere pomwepo. Godfrey Siamusiye, wobadwira komweko mu 1972, anaimira Zambia pa Olympics ku Barcelona mu 1992 ndi ku Atlanta mu 1996. Anapita kukaphunzira ku America, poyamba ku Blinn College ku Texas, kumene Samuel Matete anadutsanso, kenako ku yunivesite ya Arkansas, imene mphunzitsi wake wa liwiro anali John McDonnell. Mu 1995 Siamusiye anapambana cross country ya mayunivesite onse akuluakulu a ku America, mpikisano wa NCAA, ndipo mu 1996 anaupambananso. Ndi ochepa amene anachitapo zimenezi kawiri motsatizana. Koma funsani achinyamata khumi pa Maramba Market ngati analimvapo dzinali. Tonse timadziwa Matete, amene anakhala katswiri wa dziko lapansi wa mamita 400 odumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991 n'kutenga siliva ku Atlanta. Timadziwanso Muzala Samukonga, amene anatenga golide wa mamita 400 ku Birmingham mu 2022 ndi mendulo yachitatu ku Paris mu 2024. Chifukwa cha iwo ambiri amaganiza kuti Zambia ndi dziko la liwiro lalifupi chabe, ndipo mtunda wautali ndi wa anthu a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Muleya ndi Siamusiye akutsutsa maganizo amenewa, ndipo onse awiri ndi a pa msewu womwewu umene timakwera popita ku Lusaka.

Nanga a ku Kenya anachita chiyani chimene ife sitinachite? Mpikisano wa cross country wa dziko lonse lapansi unayamba mu 1973 ku Belgium, ndipo zaka zoyambirira unali m'manja mwa a ku Ulaya. Kuyambira 1986 mpaka 2003 timu ya amuna ya Kenya inapambana zaka 18 zotsatizana. John Ngugi anapambana kasanu, ndipo Paul Tergat anapambananso kasanu, kuyambira 1995 mpaka 1999. Anthu amakonda kunena kuti chinsinsi ndi mapiri. N'zoona kuti tauni ya Iten ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja, pamene Livingstone sifika bwino ngakhale 1,000, ndipo mpweya wochepa wa kumapiri umalimbitsa magazi a wothamanga. Koma mapiriwo analipo zaka mazana ambiri asanayambe kutulutsa mamendulo. Chimene chinawonjezeka ndi sukulu.

Ku Iten kuli sukulu ya sekondale ya St Patrick's. Mu 1976 kunafika Brother Colm O'Connell wa ku Ireland kudzaphunzitsa jogalafe, ndipo sanali mphunzitsi wa liwiro. Anaphunzira ntchitoyo poyang'anira ana ake omwe. Pa sukulu imeneyo panatuluka Peter Rono, amene anatenga golide wa mamita 1,500 ku Seoul mu 1988, ndi Matthew Birir, amene anatenga golide ku Barcelona mu 1992. Chinthu chachikulu chimene O'Connell anachita chinali chokhudza nthawi imene ife timaitaya. Anayamba kusonkhanitsa ana aluso a masukulu osiyanasiyana, anyamata ndi atsikana, pa tchuthi, temu itatha, kuti apitirize kuphunzira pamodzi. David Rudisha, amene ankaphunzira pa sukulu ina, anadzera m'manja mwake mwa njira imeneyi. Kuti mwana aitanidwe ku msasa wotero pamafunika kuti wina adziwe dzina lake, sukulu yake ndi zimene anachita nyengo yathayo.

Atsikana nawonso nkhani yawo ndi yomweyo. Faith Kipyegon anali mtsikana wa sukulu pamene anapambana cross country ya achinyamata ya dziko lapansi ku Spain mu 2011, ndipo anathamanga wopanda nsapato ngati Muleya. Lero ali ndi golide wa Olympics wa mamita 1,500 katatu: ku Rio, ku Tokyo ndi ku Paris. Ku Uganda, mpikisano wa dziko lapansi utachitikira ku Kampala mu 2017, Jacob Kiplimo anapambana wa achinyamata ali ndi zaka 16, msinkhu wa mwana wa giredi 10 kuno kwathu, ndipo mu 2023 ndi 2024 anapambana wa akuluakulu. Tsiku lomwelo ku Kampala, Joshua Cheptegei anatsogola mpaka chakumapeto, mphamvu zinamuthera pamaso pa anthu a kwawo, anafika akudzandira ali wa nambala 30. Sanamutaye. Patapita zaka ziwiri anakapambana mpikisano womwewo ku Denmark. Onsewa anali ndi anthu amene ankawatsatira kuchokera nyengo ina kufika nyengo ina.

Kuno kwathu unyolo umadukira pa Epulo. Mwana wapambana ku boma, wapatsidwa satifiketi kapena mbale ya pulasitiki, wajambulidwa pa foni, chithunzi chazungulira pa WhatsApp masiku awiri, basi. Pepala la zotsatira limalowa m'thumba la mphunzitsi, ndipo mphunzitsiyo akasamutsidwa mbiri yonse ya sukulu imasamuka naye. Njira yothamangamo imasintha chaka ndi chaka. Chaka chino adutsira kuseri kwa msika, chaka chamawa madzi adzaza azungulira kwina, ndipo kumbali ya Dambwa ndi Nakatindi nthawi zina njovu ndizo zimasankha kumene ana angadutse m'mamawa. Choncho ngakhale nthawi italembedwa, palibe angaiyerekeze ndi ya chaka chatha. Wa giredi 12 amauzidwa kuti asiye zothamanga aone za mayeso, ndipo akamaliza sukulu sapeza kalabu yomulandira. Zipangizo zazikulu za masewerawa zili kutali: OYDC imene inatsegulidwa mu 2010 ndi National Heroes Stadium zili ku Lusaka, Levy Mwanawasa Stadium ili ku Ndola. Mphunzitsi wa timu ya dziko, kapena wa yunivesite ya kunja, sangabwere kudzaima pa mphambano ya ku Libuyu. Chimene chingamufikire ndi dzina lokhala ndi mtunda ndi nthawi.

Tisaiwale kuti cross country ili ndi ubwino umene masewera ena alibe. Sifuna bwalo la mphira, sifuna zotchinga, sifuna ngakhale mpira. Mchenga wathu wa muno, umene timaudandaula ukatidzadzira m'nsapato, umalimbitsa miyendo. Ndiponso kawerengedwe kake kamalemekeza gulu. Timu imaphatikiza manambala amene othamanga ake oyambirira afikira, ndipo yokhala ndi chiwerengero chochepa ndiyo imapambana. Sukulu imene ana ake anayi afika pa 3, 5, 6 ndi 9 ili ndi 23, ndipo imagonjetsa imene ili ndi woyamba ndi wachiwiri koma enawo afika pa 14 ndi 20, chifukwa iyo ili ndi 37. Ndiye kuti mtsikana amene wapitirira mnzake mmodzi pa mamita 50 omaliza n'kufika wa nambala 9 akhoza kukhala amene wapatsa sukulu chikho. Tikalemba atatu oyamba okha timakhala tataya amene anapambanitsa timu. Timatayanso mwana wa giredi 8 amene wafika wa 25 chaka chino, amene mwina akanadzakhala woyamba ali giredi 11 wina akanaona kuti nthawi yake ikutsika chaka ndi chaka.

Mutu umodzi susenza denga, koma ntchito yotseka nyengo bwino si denga lolemera. Sukulu isankhe njira imodzi, iiyeze, ndipo ikhale yomweyo zaka zonse. Foni iliyonse yamakono imayeza mtunda ndi nthawi, ndipo pa dziko lonse osakwana zaka 20 amathamanga makilomita 8 anyamata ndi makilomita 6 atsikana, choncho muyezo woti titsatire ulipo kale. Pakhale buku lachikuto cholimba limene ndi la sukulu, osati la mphunzitsi, lolembedwamo tsiku, nyengo ya tsikulo, mtunda, ndi dzina, giredi ndi nthawi ya aliyense amene wamaliza, mpaka wotsiriza. Kaputeni amene akutuluka alipereke kwa amene akulowa pamaso pa sukulu yonse, pa asembule yomaliza ya temu. Masamba a chaka chimenecho ajambulidwe n'kutumizidwa kwa oyang'anira masewera a masukulu m'boma, kwa Zambia Athletics, ndi kwa ife a mawayilesi a m'madera. Ife timawerenga zotsatira za bola ya ku England sabata iliyonse mpaka dzina la amene walowa mphindi zisanu zomaliza, ndipo mphindi zochepa zowerengera mayina a ana a muno sizingatisowe, malinga mapepalawo atifike. Gogo wa ku Maramba akamva dzina la mdzukulu wake pa wayilesi, chaka chamawa sadzamuletsa kupita kukathamanga.

Ndipo inu amene munamaliza sukulu, amene manje muli pa ntchito m'malodge, pa boda kapena m'mateksi, muli ndi gawo lanu. Masatifiketi amene ali pansi pa sutikesi, zithunzi zakale, ndi zimene mukukumbuka za amene ankapambana m'zaka zanu ndiwo masamba oyamba a buku limeneli. Tauni yathu ili ndi nyumba yosungiramo zakale yaikulu ndi yakale kuposa zonse m'Zambia, Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934 ndipo imasunga makalata a David Livingstone mwini wake. Anthu okhala pafupi ndi nyumba yotero sayenera kuuzidwa kawiri kuti cholembedwa chimakhalitsa kuposa mwini wake.

Mabuku a ku Shrewsbury analembedwa ndi ana a sukulu, osati akatswiri a mbiri, ndipo akuwerengedwabe patapita zaka pafupifupi 200. Pakati pa chigonjetso cha Muleya ku Salisbury ndi choyamba cha Siamusiye ku America panadutsa zaka 37, ndipo kuchokera pa cha Siamusiye zadutsanso zaka pafupifupi 30. M'zaka zonsezi ana a chigawo chino sanaleke kuthamanga temu yoyamba iliyonse. Buku lachikuto cholimba ndi lotsika mtengo kuposa nsapato imodzi ya wothamanga, ndipo nthawi yoligulira ndi ino, sukulu isanatseke ndipo mapepala a zotsatira asanakulungidwire vitumbuwa.